Mwana Akufuna Laputopu ya Malonda a pa Intaneti, Tigule Yotani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Chitakale ku Mulanje, amene amalima tiyi pamunda waung'ono komanso amagulitsa nthochi ndi zinanazi m'mbali mwa msewu. Mwana wawo wamwamuna analemba mayeso a MSCE, anapeza mapointi 29, ndipo dzina lake silinatuluke pamndandanda wa osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede za boma. Tsopano akuti wapeza njira yake. Akufuna kumatsatsa malonda a anthu pa intaneti, ndipo wauza makolo ake kuti sangayambe popanda laputopu yamphamvu, ya mtundu umene anyamata amaseweretsa magemu. Bambo ake akufuna kutenga ngongole ku banki m'khonde kuti nkhaniyo ithe, popeza atopa kumuona mnyamatayo atakhala pakhonde tsiku lonse akutokosa foni. Funso la mayiwo ndi lakuti: "Kodi tigule yotani kuti ndalama zathu zisalowe m'madzi?"

Mayi, makalata otere ndimalandira ambiri, makamaka zotsatira za mayeso zikangotuluka, ndipo amafanana ngati kuti amalembedwa ndi dzanja limodzi. Ndiyamba ndi bambo a kunyumbako, chifukwa maganizo awo ndi amene akundidetsa nkhawa kwambiri. Iwo sakugula chida cha ntchito ayi, akugula mtendere wa pakhomo, ndiponso akufuna kuti anthu a m'mudzi akafunsa za mwanayo akhale ndi choyankha, kuti "ali pa kompyuta". Ngongole ya ku banki m'khonde ili ndi chiwongoladzanja chimene sichidikira kuti mnyamata aphunzire kaye ntchito, ndipo tsiku lobweza likafika, amayi anzanu adzabwera pakhomo panu, osati pa Facebook. Musalole kuti ndalama ya tiyi wa dzinja lonse ithere pa chinthu chogulidwa chifukwa cha manyazi.

Mnyamatayo nayenso ndili naye mawu. M'kalata yonseyi sindinaone pamene mwatchula chinthu ngakhale chimodzi chimene anagulitsapo, kapena munthu mmodzi amene anamulipirapo chifukwa chomutsatsira malonda. Ali ndi foni yamakono, mwanena nokha, ndipo wakhala nayo miyezi yonseyi. Ngati m'nyumba mwake momwemo muli zinanazi zimene zimaola chifukwa chosowa ogula, iye n'kumanena kuti akudikira laputopu kuti ayambe kutsatsa malonda, ndiye kuti chimene chikusowa si makina. Mumufunsenso mosamala kuti ntchito imene akunenayo ndi yotani kwenikweni. Ngati pali amene amuuza kuti alipire ndalama yolembetsera, kenako akope anzake kuti nawonso alipire, ndipo phindu lake lichokera pa anthu amene wakoka m'malo mwa katundu amene wagulitsa, imeneyo si ntchito yotsatsa malonda, ndi msampha umene wadya kale ndalama za mabanja ambiri, ndipo pamenepo musatulutse ngakhale tambala.

Tiyeni tinene kuti ntchitoyo ndi yeniyeni. Munthu wotsatsa malonda pa intaneti tsiku lake limathera pojambula katundu, kukonza zithunzi ndi zikwangwani pa pulogalamu ya Canva, kudula timavidiyo tatifupi pa pulogalamu ya CapCut, kulemba mawu okopa, kuyendetsa masamba a Facebook a makasitomala ake kudzera pa pulogalamu ya Meta Business Suite, kuika katundu ndi mitengo pa WhatsApp Business, kuyankha mafunso a ogula, ndi kusunga mawerengero kuti mwini bizinesi aone ngati ndalama yake ikubala. Zambiri mwa izi zimachitikira pa intaneti pomwepo, ndipo sizifuna mphamvu imene laputopu ya magemu ili nayo. Laputopu ya magemu ndi yolemera, imatentha, chaja yake ndi chinjerwa, ndipo batire lake limatha msanga. Kwa munthu wokhala kumene magetsi a ESCOM amathima osatsanzika, amene mwina azikwera minibasi kupita ku Luchenza kapena ku Limbe kukakumana ndi kasitomala, makina otero ndi katundu wongomulemetsa. Ndikukayika ngati mnyamatayu akuifuna chifukwa cha malonda, koma zimenezo akudziwa ndi mwiniwake.

Chimene ine ndimakhulupirira, ndipo ndakhala ndikulangiza ophunzira ambiri, ndi laputopu ya kaunjika ya mtundu umene makampani akunja amagulira antchito awo a mu ofesi. Ndikunena mitundu monga Lenovo ThinkPad, HP EliteBook ndi Dell Latitude. Imeneyi inapangidwa kuti izigwira ntchito tsiku lonse kwa zaka zambiri, mahinji ake ndi olimba, kiyibodi yake imapirira, ndipo chifukwa chakuti inabwera yambiri m'dziko muno, akatswiri okonza makompyuta ku Limbe ndi ku Blantyre amaidziwa bwino komanso zipangizo zake zosinthira sizivuta kupeza. Pa ndalama yofanana, ya kaunjika yotereyi imaposa kutali laputopu yatsopano yotchipa yonyezimira, ija ya purosesa ya Celeron yokhala ndi RAM ya 4GB ndi malo osungira zinthu a 64GB, imene imakongola m'sitolo koma mukatsegula masamba asanu a intaneti imayamba kuwefuka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali zinthu zinayi zimene mnyamatayo alembe papepala asanakwere minibasi, ndipo ngati sangathe kuzifufuza yekha ndiye kuti nthawi yogula sinakwane. Choyamba ndi purosesa, umene ndi ubongo wa makinawo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Wogulitsa amaloza kachikwangwani kolembedwa Core i7, wogula n'kusangalala, osadziwa kuti dzinalo palokha silinena zaka za makinawo. Chofunika ndi nambala yotsatira. Pa i5-8250U, nambala 8 yoyambirirayo ikusonyeza m'badwo wake, pa i5-10210U m'badwo ndi 10, ndipo pa i7-3520M m'badwo ndi 3, kutanthauza kuti ndi nkhalamba ngakhale yavala dzina lalikulu. Musatsike pansi pa m'badwo wa 8. Chifukwa chake n'chakuti kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 pafupifupi yonse imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Munthu amene azisunga mawu achinsinsi a masamba a makasitomala ake sayenera kugwira ntchito pa makina amene chitetezo chake chinasiya kukonzedwa. Ogulitsa ena amaikamo Windows 11 mokakamiza m'makina akale kuti aoneke atsopano, choncho musakhutire ndi zimene zikuoneka pa sikirini, onani nambala ya purosesa.

Chachiwiri ndi RAM, malo amene makina amasungamo kwakanthawi zimene akugwira pa nthawiyo, imene isachepere 8GB, ndipo ndi bwino kufunsa ngati pali malo owonjezera kuti m'tsogolo ifike 16GB ntchito ya mavidiyo ikachuluka. Chachitatu ndi chosungira zinthu, chimene chikhale SSD ya 256GB kapena kuposerapo, osati hadi disiki yakale yozungulira ija, ngakhale wogulitsa anene kuti yakeyo ndi yaikulu. SSD imayatsa makina mwachangu ndipo siwonongeka msanga ndi mabampu a m'misewu yathu ya m'minda ya tiyi. Zitatu zonsezi zimaoneka mukadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, n'kupita pamene palembedwa Performance. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo wogulitsa amene akukana kuti muone, musiyeni ndi katundu wake.

Chachinayi ndi batire, ndipo kwa inu a ku Mulanje ndingati ndi chimene chimaposa zonse. Chaka china ndinaperekeza mtsikana wina amene ndinkamulangiza kukagula laputopu pasitolo ina m'tauni. Makinawo anali oyera bwino, atalumikizidwa ku magetsi pa kauntala, ndipo chizindikiro cha batire chinkasonyeza kuti ladzaza. Ndinapempha mnyamata wogulitsayo kuti azule chaja tione, iye n'kuyamba kufotokoza za ubwino wa sikirini. Nditazula ndekha n'kuika vidiyo, tisanamalize n'kukambirana mtengo komwe, makinawo anazima. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti azule chaja, aigwiritse ntchito kwa mphindi zosachepera 20 ali pomwepo, n'kuona mmene batire latsikira. Amene akudziwa angalembenso lamulo lakuti powercfg /batteryreport, limene limatulutsa lipoti losonyeza mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo lero. Ngati yatsala yochepera theka, mtengo wa batire lina uchotsedwe pa mtengo wa laputopuyo.

Zotsalazo n'zachidule. Ayese batani lililonse la kiyibodi, kamera, zolankhulira, mabowo a USB ndi Wi-Fi. Aonetsetse kuti makinawo sakufunsa mawu achinsinsi poyaka ndiponso sakutchula dzina la kampani yakunja imene inali mwini wake, chifukwa ena amabwera atatsekedwa. Atenge risiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi masiku amene angabweze akapezeka ndi vuto, popeza laputopu yogulidwa pamsewu popanda pepala ikhoza kukhala yobedwa, ndipo apolisi akadzabwera sadzamva zoti simunadziwe. Mitengo muyerekeze m'masitolo atatu kapena anayi tsiku lomwelo. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zinthu zochokera kunja sukhazikika, ndipo umene mnzake anamuuza miyezi itatu yapitayo ndi nthano.

Musathere ndalama yonse pa makina. Ntchito imeneyi imadya bandulo ya Airtel kapena TNM tsiku ndi tsiku, ndipo laputopu imameza intaneti kuposa foni, makamaka Windows ikayamba kudzikonza yokha munthu asakudziwa. Pafunika kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu akathima n'kuyakanso, ndi chikwama chosalowa madzi, chifukwa chiperoni cha kwanuko chimanyowetsa ngakhale zimene zili m'nyumba. Komanso mnyamatayo adziwiretu kuti kulipira Facebook kuti ifalitse malonda kumafuna khadi ya ku banki yotha kulipira kunja, ndipo m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja zimenezo sizikhala zophweka nthawi zonse.

Tsopano ndinene zimene mwina sizimusangalatsa. Achinyamata amene amaoneka pa TikTok akuwerenga madola atakhala m'galimoto, ambiri mwa iwo chimene akugulitsa ndi maphunziro olonjeza chuma, ndipo kasitomala wawo ndi mwana wanuyo. Ntchito yeniyeni imayamba ndi telala wa ku Luchenza, mwini malo ogona alendo pafupi ndi Likhubula, wotsogolera alendo okwera ku Sapitwa, kapena mayi wogulitsa mbatata ndi masamba pa Bvumbwe, ndipo anthu amenewa amalipira pang'ono, mochedwa, komanso amafuna kuona ogula pakhomo, osati chiwerengero cha anthu amene asonyeza kukonda chithunzi. Makampani akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akamalemba anthu ntchito imeneyi amafunsabe mapepala a sukulu pamodzi ndi ntchito zimene munthu anagwirapo. N'chifukwa chake sindikuvomereza kuti mnyamata wa mapointi 29 atseke buku. Akhoza kulembanso mayeso kuti akonze maphunziro amene anamugwetsa, poti yunivesite ya MUST ili pa Ndata pompo ku Thyolo ndipo si kumwamba, kapena afufuze maphunziro a makompyuta m'makoleji a ntchito zamanja amene amayang'aniridwa ndi TEVETA, monga Soche Technical College. Kulemba Chingelezi ndi Chichewa chomveka bwino ndi theka la ntchito yotsatsa malonda, ndipo zimenezo palibe purosesa imene ingamuchitire.

Sindikunena kuti maloto akewo ndi achabe. Mulanje ndi Thyolo zili ndi zogulitsa zimene maboma ena amasirira: tiyi, makademiya, zinanazi, nthochi ndi phiri limene alendo amawolokera nyanja kudzaliona, pamene eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri sadziwa n'komwe kuika katundu wawo pa intaneti. Mpata ulipo kwa mnyamata wakhama, ndipo maphunziro oyambira amapezeka aulere pa Meta Blueprint ndi pa HubSpot Academy, moti akhoza kuwayamba mawa pa foni yomwe ali nayoyo.

Choncho, mayi, auzeni bambowo kuti ngongoleyo ayambe aiimika kwa miyezi iwiri. M'miyezi imeneyi mnyamatayo atsegule tsamba la zinanazi zanu, azijambula m'mawa dzuwa lisanawale kwambiri, alembe mitengo ndi nambala yolipirira pa Airtel Money kapena Mpamba, apeze minibasi yodalirika yotumizira katundu ku Limbe, ndipo azilemba mu kope dzina la wogula aliyense amene wabwera kudzera pa tsambalo. Apezenso munthu mmodzi wosakhala wachibale amene angavomere kumulipira, ngakhale ndalama ya bandulo yokha. Akakuonetsani kopelo lili ndi mayina, mupite naye ku Limbe ndi pepala la zinthu zinayi zija, ndipo gawo lina la mtengowo, ngakhale lochepa, lichokere m'thumba mwake.