Kulemba nkhani zaupandu uku ukusindikizanso mabuku

Achimwene, mwafunsa ngati munthu angathe kulemba mabuku a nkhani zofufuza zaupandu uku akuyendetsanso kakampani kosindikiza mabuku. Zimatheka ndithu, koma kusindikizako ndiye kumadya nthawi.

Nkhani yotereyi imafuna maganizo okhazikika. Mudziwiretu wakupha musanalembe mutu woyamba, ndipo mukhale ndi kope lapadera lolembamo kuti uje anali kuti nthawi yakuti, anaona chiyani, ananama pati. Mukanena pa tsamba 30 kuti mpeni unapezeka pansi pa mphasa, owerenga adzaukumbukirabe pa tsamba 200, ndipo mukasokoneza sakhululuka. N'chifukwa chake ine ndimati m'mawa muzilemba foni ili chizimire.

Masana ndi a malonda. Buku lililonse limafuna ISBN, nambala yozindikiritsa buku padziko lonse, yomwe kuyambira 2007 ili ndi manambala 13, ndipo lapepala ndi la pa intaneti lililonse limakhala ndi yake. Ku Malawi imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Masitolo ambiri amatenga mabuku n'kudzalipira akagulitsa, pomwe a makina osindikizira amafuna zawo pompopompo, ndiye yambani ndi makope ochepa.

Buku lolemba nokha mupatse mkonzi wina, chonde. Mwini nkhani saona pomwe waulula chinsinsi msanga.