Funsani Aphunzitsi: Kodi atsikana 300 akwanira pa kafukufuku wanga?

Aphunzitsi, ndine mtsikana wochokera m'boma la Angónia, ndipo ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a saikoloje mumzinda wa Tete. Phunziro la njira zochitira kafukufuku ndinakhoza mwa chisomo chabe chifukwa masamu a ziwerengero amandizunguza mutu, ndipo tsopano ndiyenera kulemba monografiya, lipoti la kafukufuku lotsirizira maphunziro anga. Ndikufuna kufufuza ngati atsikana amene anabwerera kusukulu atabereka ali ndi nkhawa yochuluka kuposa anzawo. Ndapeza pa intaneti chikalata cha mafunso cha m'Chipwitikizi, ndipo ndikuganiza zochigawa kwa atsikana 300 pa sukulu ina ya sekondale ku Ulónguè, kumene mlamu wanga amaphunzitsa ndipo wavomera kundithandiza. Kodi 300 akwanira, nanga ndingampeze kuti munthu wodzandiwerengera pa SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthula ziwerengero?

Wophunzira wa ku Angónia

Achemwali, mutu umene mwasankhawu ndi wabwino, ndipo nthawi yake ndi ino. Mu Disembala 2018 Unduna wa Zamaphunziro unachotsa lamulo la mu 2003 limene linkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku, ndipo mu 2019 dziko lino la Mozambique linakhazikitsa lamulo loletsa kukwatitsa ana osakwana zaka 18, choncho m'pofunikadi kuti wina afufuze mosamala mmene atsikana obwerera kusukuluwo akukhalira mumtima. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu n'chakuti mantha anu onse mwawaunjika kumapeto kwa ntchito, pamene ngozi yaikulu ili kumayambiriro. Masamu akalakwika mumawerenganso madzulo amodzi basi, popeza manambala amakhala akadalipo, koma mayankho amene mwatolera kwa anthu osayenera, ndi mafunso amene sanawamve, pamaso pa munthu amene amamuopa, palibe kompyuta imene ingawawongole.

Tiyambe ndi 300 wanuyo. Mu 1936 magazini ya Literary Digest ya ku America inalandira mayankho oposa 2 miliyoni pofuna kulosera za chisankho cha pulezidenti, ndipo inalengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Mayina a ofunsidwa magaziniyo inawatenga makamaka m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, pa nthawi imene anthu ambiri anali pa umphawi wadzaoneni, ndiponso inangodalira okhawo amene anafuna okha kubweza mapepala. George Gallup anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo, koma osankhidwa bwinoko, ndipo analosera molondola wopambana.

Kwa inu nkhani imeneyi ikutanthauza zinthu zimene mungaziwerenge ndi zala. Mwa atsikana 300 a pa sukulu imodzi, amene ali ndi ana angakhale ochepa kwambiri, kotero kuti mudzakhala mukuyerekeza kagulu kakang'ono ndi chikhamu cha anzawo, ndipo chiwerengero chimene chidzalamule mphamvu ya zotsatira zanu ndi cha kagulu kakang'onoko. Komanso mtsikana amene wakwanitsa kubwerera m'kalasi atabereka nthawi zambiri amakhala ndi mayi kapena agogo omulerera mwana, ndi wina womugulira makope. Amene nkhawa yawapsinja kwambiri mwina ali kumunda ku Dómuè kapena akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo chikalata chanu sichidzawapeza. Zimenezi sizikuletsani kuchita kafukufuku pa sukulu imodzi, koma mutu wa monografiya yanu unene zoona kuti mwafufuza pa sukulu imodzi ya m'tauni, osati pakati pa atsikana a Angónia yense. Ndipo posankha anzawo oyerekeza nawo musalole kuti mphunzitsi akulozereni ana omvera. Pemphani kaundula wa makalasi, patsani dzina lililonse nambala, lembani manambalawo pa timapepala, pindani, sakanizani m'beseni, wina atole osayang'anamo. Kusankha mwamaere kumene mabuku anu amakamba m'masamba ambirimbiri ndi kumeneku.

Pa chikalata cha pa intaneticho ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene monografiya zambiri zimathyokera mwendo. Mavenda ena ogula kachewere ku Tsangano amabwera ndi sikelo imene thumba lililonse imalichotsera makilo awiri. Muikepo thumba lomwelo kakhumi, idzakupatsani nambala imodzimodzi, komabe nambalayo ndi yabodza. Aphunzitsi anu akamasiyanitsa muyeso wosasinthasintha ndi muyeso woyesadi chimene ukunena kuti ukuyesa, amatanthauza zimenezi, ndipo chikalata cha mafunso chiyenera kukhoza mbali zonse ziwiri pakati pa anthu amene inu mukuwafunsa, osati pakati pa amene anachipangira. Mu 2008 Jeffrey Arnett anaunika kafukufuku wofalitsidwa m'magazini akuluakulu asanu ndi limodzi a saikoloje, ndipo anapeza kuti anthu 68 mwa 100 alionse ofufuzidwa anali a ku United States, pamene a mu Africa sanakwane ngakhale mmodzi mwa 100. Funso limene linayesedwa pa ophunzira a ku yunivesite ya kutsidya la nyanja, n'kumasuliridwa ku Lisboa kapena ku São Paulo, lingamveke mwina m'makutu a mtsikana amene Chipwitikizi amachilankhula m'kalasi mokha, pamene zakukhosi amazinena m'Chichewa.

Zida zoyesedwa kufupi ndi kwathu zilipo. Bungwe la WHO, loona zaumoyo pa dziko lonse, linakonza mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, otchedwa SRQ-20, ndipo anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo m'dziko la Malawi. Ku Zimbabwe, Vikram Patel ndi anzake anayamba ndi kumvetsera mmene odwala enieniwo amafotokozera mavuto awo m'Chishona, n'kupanga kuchokera pamenepo mafunso 14 amene akugwirabe ntchito m'zipatala za kumeneko. Funsani mphunzitsi wokuyang'anirani akuthandizeni kupeza chida cha mtundu umenewu. Mukakakamizika kumasulira nokha, tsatirani njira imene Richard Brislin anafotokoza mu 1970: munthu mmodzi amasulire kupita m'Chichewa, wina amene sanaone chikalata choyambacho abwezere m'Chipwitikizi, kenako muyerekeze ziwirizo kuti muone pamene tanthauzo lasochera. Mukatero muyese mafunsowo pa atsikana ochepa a pa sukulu ina, ndipo aliyense mumufunse kuti, "Funso ili mwalimva kuti likufunsa chiyani?" Ngakhale zomasulira za ku Thyolo muziyese chimodzimodzi, chifukwa kalankhulidwe ka ku Angónia kali ndi mawu ake.

Tsopano za alamu anu. Mtima wawo ndi wabwino, koma tsiku lofunsa mafunso asapezeke m'chipindamo, ndipo mapepala asadutse m'manja mwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ku Berlin kunali kavalo wotchedwa Hans amene ankati amadziwa masamu: akamufunsa kuti zitatu kuphatikiza zinayi ndi zingati, ankagogoda pansi ndi chiboda kasanu ndi kawiri n'kuleka. Oskar Pfungst anaonetsa mu 1907 kuti kavaloyo ankalephera ngati wofunsayo sakulidziwa yankho kapena ngati sakuoneka, chifukwa chimene ankawerenga ndi nkhope ndi mutu wa munthuyo, amene ankamasuka pang'ono mosazindikira nambala yoyenera ikakwana. Ngati kavalo amatha kuona chimene wofunsa akufuna, kuli bwanji mwana wa sukulu amene akudziwa kuti aphunzitsi aimawo ndi omwe adzachonge mayeso ake? Inunso mudziyang'anire, pakuti mukudziwa kale chimene mukuyembekeza kupeza, ndipo mawu anu angafewe mukamafunsa mtsikana wa mwana kumsana.

Kalata yachilolezo imene yunivesite idzakupatseni kuti mukaonetse ku boma ndi kwa mkulu wa sukulu imangokutsegulirani chipata. Siilowa m'malo mwa chilolezo cha mtsikana mwiniwake. Kuyambira pa mfundo za ku Nuremberg za mu 1947 ndi za ku Helsinki za mu 1964, lamulo la kafukufuku wokhudza anthu ndi lakuti munthu afotokozeredwe momveka, avomere mosakakamizidwa, ndipo akhale ndi ufulu wosiya pakati popanda chilango. Kuno kafukufuku wa zaumoyo amayang'aniridwa ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde, komiti ya dziko lonse yoteteza anthu ofufuzidwa, pamodzi ndi makomiti a m'masukulu aukachenjede, ndipo woyang'anira wanu akuuzeni komiti imene pulani yanu iyenera kudutsamo. Ambiri mwa atsikana anu sanakwane zaka 18, choncho pafunika chilolezo cha makolo kapena owasunga kuwonjezera pa chawo. Musawaitane pagulu kuti "amene muli ndi ana tsalani", chifukwa mukatero mwawaika pa mbalambanda musanafunse n'komwe funso limodzi. Ndipo dziwani kuti limodzi mwa mafunso a SRQ-20 limafunsa ngati munthu wakhala akuganiza zodzipha. Musanayambe ntchito mukhale mutagwirizana kale ndi woyang'anira wanu komanso ogwira ntchito za umoyo wa maganizo pa chipatala chapafupi za kumene mudzamutumize mtsikana amene wayankha kuti inde, kapena amene waulula kuti akuzunzidwa pakhomo.

Mukadzapeza kuti atsikana a ana ali ndi nkhawa yochuluka, musadzalembe kuti kubereka ndiko kwabweretsa nkhawayo. Umphawi wa pakhomo ungakhale utayambitsa zonse ziwiri, mimba ndi nkhawa yomwe. Dixon Chibanda ndi anzake atafuna kudziwa ngati uphungu wa pa benchi wa Friendship Bench umathandizadi, anagawa zipatala 24 za ku Harare mwamaere, zina zopereka uphunguwo zina ayi, ndipo n'chifukwa chake zotsatira zawo za mu 2016 zinatha kunena za choyambitsa. Mimba palibe amene angaigawe mwamaere.

Maganizo anga ndi akuti muchepetse chiwerengero n'kuzamitsa ntchito. Funso lakuti n'chiyani chimawalemera atsikanawa, ndipo n'chiyani chimawasunga pa sukulu, lingayankhidwe bwino pocheza mozama ndi atsikana khumi ndi awiri kapena khumi ndi asanu, kuphatikizapo ena amene anabwerera kenako n'kusiyanso. Musaganize kuti imeneyi ndi njira yothawira masamu, chifukwa kulemba mawu onse a kucheza kwa ola limodzi kumadya maola angapo, ndipo kusanthula zimene anena kumafuna dongosolo lolimba. Ngati mukufunabe kuyerekeza magulu awiri ndi manambala, musalipire munthu. Mapulogalamu a jamovi, JASP ndi PSPP ndi aulere, ndipo kuyerekeza magulu awiri kumafuna njira imodzi kapena ziwiri zimene mungaziphunzire pa sabata zochepa. Tsiku loteteza monografiya aphunzitsi oweruza adzaloza nambala imodzi pa tebulo lanu n'kufunsa kuti yachokera kuti, ndipo amene munamulipirayo sadzakhalapo.

Aphunzitsi, ndinafunsa anthu 40 ogwira ntchito m'migodi ya malasha kuno ku Moatize kuti ndione ngati a mashifiti a usiku amakwiya msanga kuposa a masana. Kompyuta yaonetsa kuti palibe kusiyana kodalirika. Mnzanga akuti ndisinthe mayankho angapo kuti zigwirizane ndi zimene ndinalosera, apo ayi ndilephera. Kodi nditani?

Wophunzira wa ku Moatize

Achimwene, musakhudze nambala ngakhale imodzi. Diederik Stapel, pulofesa wotchuka wa saikoloje ku Tilburg m'dziko la Netherlands, anachotsedwa ntchito mu 2011 ofufuza achinyamata a pa yunivesite yake ataulula kuti ankapeka manambala, ndipo nkhani zake zoposa 50 zinachotsedwa m'magazini. Mu 2015 gulu lotsogoleredwa ndi Brian Nosek linabwereza kafukufuku 100 wofalitsidwa kale, ndipo 36 okha mwa 100 alionse anaperekanso zotsatira zodalirika. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi chizolowezi chofalitsa zokhazo zimene zagwirizana ndi zolosera n'kubisa zotsalazo. Monografiya imaweruzidwa pa kayendetsedwe ka ntchito, ndipo kusapeza kusiyana ndi chotsatira chovomerezeka.

Mungosamala kalembedwe. Musalembe kuti mwatsimikiza kuti kusiyana kulibe, chifukwa anthu 40 ogawidwa pawiri ndi ochepa moti kusiyana kwapakatikati kungakudutseni osakuona. Lembani kuti pa gulu limene munafunsa simunapeze umboni wokwanira, onetsani avereji ya gulu lililonse ndi mmene mayankho anamwazikira, ndipo fotokozani zimene zikanasokoneza: ngati ogwira ntchitowo amasinthana mashifiti sabata ndi sabata, ndiye kuti a usiku ndi a masana ndi anthu amodzimodzi, ndipo ngati munawafunsira pa ntchito kapitawo ali pafupi, ochepa okha ndi amene akanavomera kuti amakwiya. Mfundo ziwirizi muziike m'mutu wokambirana zotsatira, ndipo mapepala onse 40 muwasunge pamalo okhoma kufikira mutateteza ntchito yanu, kuti oweruza akafuna kuwaona muwatulutse.