Bwana akulamula kuti mabuku aname: yankho kwa mayi wa ku Mufakose

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, muno mu Harare ku Zimbabwe, amene amalemba za ndalama pasitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba ku Graniteside. Bwana wawo anawalamula kuti katundu wogulidwa ndi madola a ku America asamamulowetse m'mabuku, n'cholinga choti msonkho wopita ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho m'dziko lino, uzichepa. Iwo anafunsa kuti: "Ndine mayi wa Chigwirizano, ndili ndi ana atatu, lendi ikundidikira, ndiponso mayi anga ku Dedza amadalira ndalama zimene ndimawatumizira. Kodi ndikane, ntchito indithere?"

Mayi, sindikunyengererani: zimene akukutumanizo ndi bodza lolembedwa ndi dzanja lanu, ndipo kukhala wotumidwa sikulichotsa dzina lake. Miyambo 11:1 imanena kuti muyeso wonyenga umamunyansa Yehova, ndipo buku la ndalama ndi muyeso wa masiku ano. Ndikudziwa chimene anzanu kuntchitoko amanena, kuti muno mu Harare aliyense amatero, kuti ndalama yathu yasinthasintha mpaka kufika pa yotchedwa ZiG mu 2024, ndiye wamalonda wotsata lamulo sangapulumuke. Mavutowo ndi enieni, ndipo ine sindiwachepetsa. Koma tsiku limene oyendera mabuku adzafike, siginecha imene adzaipeze ndi yanu, pamene bwana adzangoti iye sankadziwa kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa.

Komabe kukana kuli ndi kakanidwe kake, ndipo apa ndi pamene Akhristu ambiri timalakwitsa, chifukwa timaganiza kuti kulimba m'chikhulupiriro ndiko kulalikira bwana pamaso pa antchito onse. Danieli, amene anali mlendo ku Babulo monga mmene makolo athu ochokera ku Malawi analili kuno, sanatero. Atatsimikiza mumtima kuti sadya chakudya cha mfumu, anapempha mwaulemu kwa womuyang'anira, napereka njira ina, yoti ayesedwe masiku 10 akudya zamasamba ndi kumwa madzi. Inunso pemphani kuonana ndi bwana panokha, muwauze modekha kuti katundu aliyense wotuluka mudzamulemba monga wagulidwira, ndipo ngati iwo akufuna zina, akupatseni lamulolo molemba kapena akusinthireni ntchito, mwina yowerengera katundu m'nyumba yosungiramo. Kawirikawiri munthu wolamula zachinyengo safuna kusiya umboni papepala. Musawaopseze, ndiponso musabe mapepala a kampani. Ingosungani kalata yanu ya ntchito ndi mapepala a malipiro, chifukwa akakuchotsani popanda chifukwa, dziko lino lili ndi maofesi ndi khoti loona nkhani za apantchito.

Chimene sindingachite ndicho kukulonjezani kuti mukakana mudzakwezedwa pantchito. Alaliki ena amakonda kunena zotero, koma ine ndimaona kuti kumeneko n'kuseweretsa anthu amene ali kale pamoto. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo akhoza kuwalanditsa, koma anawonjezera kuti ngakhale atapanda kutero, fano lagolidelo salilambira. Mawu achiwiriwo, a pa Danieli 3:18, ndiwo amene timawadumpha powerenga. N'kutheka ndithu kuti ntchito idzatha, ndipo miyezi ingapo idzakhala yowawa.

N'chifukwa chake nkhaniyi musaisenze nokha. Mpingo wa CCAP unazika mizu mumzinda uno kuyambira 1912, pamene mbusa T.C.B. Vlok anabwera ku Salisbury (Harare wa masiku ano) kudzatumikira anthu a ku Nyasaland amene ankagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makomo a azungu. Anthu amenewo analibe abale pafupi, choncho ankasonkherana pamaliro ndi pamatenda. Ndimadabwa kuti ife zidzukulu zawo timasonkha msanga munthu akamwalira, koma wochotsedwa ntchito chifukwa chokana chinyengo timangomuuza kuti tikumupempherera. Musanakumane ndi bwana, kafotokozereni mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira pamodzi ndi amayi awiri kapena atatu a Chigwirizano, ndipo muwafunse mosabisa ngati angakuthandizeni lendi ya miyezi iwiri zinthu zikavuta. Mayi anu ku Dedza nawonso muwadziwitse msanga kuti mwina ndalama ya mwezi wamawa idzachedwa.