Tifunseni: Maina abodza oyesera pulogalamu

Funso: Ndikukonza pulogalamu yosunga maina ndi zopereka za mamembala a bungwe lathu la maliro kuno ku Mbare, mu mzinda wa Harare. Ndisanaipereke kwa akomiti ndikufuna kuiyesa ndi anthu ngati 2,000, koma kaundula weniweni sindikufuna kumukhudza. Maina ochuluka chonchi ndiwatenge kuti? Ndine wowerenga wanu wa ku Mbare.

Yankho: Kaundulayo musiyenidi, achimwene. Muli manambala a ziphaso ndi mafoni a anthu, ndipo kuno ku Zimbabwe lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limateteza zinthu zoterezi.

Njira yachidule ndi Mockaroo, tsamba la pa intaneti lopanga deta yabodza yoyesera. Mumasankha magawo omwe mukufuna, iyo n'kukupatsani fayilo ya CSV (tebulo lolembedwa m'mawu wamba), Excel kapena SQL (malamulo a database, nkhokwe yosungira deta). Yaulere imatulutsa mizere 1,000 pa ulendo umodzi, ndiye mudzatsitsa kawiri. Ngati mumalemba mapulogalamu mu Python, Faker, chida chake chopangira deta yabodza, ndi yabwinopo, makamaka mukaika Faker.seed kuti maina omwewo azibwera nthawi zonse. Cholakwika mukachipeza lero, mawa mudzachipezanso pa mzere womwewo.

Vuto la zonse ziwirizi ndi lakuti, mukapanda kuzisintha, zimakupatsani maina achingerezi osalala bwino, ndipo maina osalala sayesa kanthu. Lembani nokha mndandanda wa maina 60 a kwathu, muikemo Ng'oma, M'bwana ndi ena okhala ndi ŵ. Kachizindikiro ka mu Ng'oma kamadula pakati lamulo la INSERT, lolowetsa deta mu database, ngati pulogalamu imalumikiza mawu mwachisawawa, ndipo ŵ amasanduka zilembo zosamveka fayilo ikapanda kusungidwa mu UTF-8, kasungidwe ka zilembo kamene kamazindikira ŵ. Ndi bwino zimenezi zikuchitikireni pa desiki panu kusiyana ndi pamaso pa msungichuma.

Mu Excel, ikani mndandandawo pa A2 mpaka A61, kenako m'gawo lina lembani =INDEX($A$2:$A$61,RANDBETWEEN(1,60)), yosankha dzina mwachisawawa, n'kukokera pansi. Koma RANDBETWEEN sikhazikika: mukangosintha selo imodzi, maina onse amasintha. Mukamaliza koperani gawo lonse, muchite Paste Special, musankhe Values. Nambala ya umembala musaipange ndi RANDBETWEEN ayi. Mizere 2,000 yotengedwa pakati pa 1000 ndi 9999 ibwereza manambala ambirimbiri, database n'kukana, poti membala aliyense amafunika nambala yakeyake. Ingowerengani 1, 2, 3, kapena gwiritsani ntchito lamulo la generate_series ngati database yanu ndi PostgreSQL.

Za mafoni samalani kawiri. Manambala a Econet amayamba ndi 077 kapena 078, a NetOne ndi 071, ndipo Excel imachotsa ziro woyambayo ikamatsegula CSV. Gawolo likhale Text musanalowetse deta. Chachiwiri, nambala yongopeka ikhoza kukhala ya munthu weniweni wa ku Highfield, dera lina la Harare, choncho zimitsani gawo lotumiza SMS poyesa, angalandire uthenga wa ngongole ya maliro amene sakuwadziwa. Ma imelo onse athere ndi example.com, dzina losungidwira ntchito ngati imeneyi.

Polowetsa, yambani ndi tebulo la mamembala, la zopereka pambuyo, chifukwa chopereka chilichonse chimaloza kwa membala amene alipo kale. Madeti alembeni motere: 2025-03-04. Mukalemba 03/04/2025, kompyuta ina iwerenga Malichi, ina Epulo. Ndipo mwadala sakanizani ndalama za USD (madola a ku America) ndi ZiG (ndalama ya ku Zimbabwe), muikemo membala wopanda foni, a Banda awiri a dzina loyamba lofanana, ndi wina amene wapereka kawiri mwezi umodzi, muone ngati pulogalamuyo iwerengetsa bwino.