Kuyala matabwa mu loft: musapanikize insulation

Mayi wina wa ku Leicester, ku England, watumiza imelo. Iye ndi amuna ake agula nyumba yomangidwa m'ma 1980, ndipo akufuna kuyala matabwa mu loft, malo aja a pakati pa siling'i ndi denga, kuti azisungamo masutikesi ndi katundu wodikira kontena yopita kumudzi. Vuto ndi lakuti mwadzaza insulation, zinthu zonga ubweya zosunga kutentha m'nyumba, mpaka mitanda siikuoneka. Funso lawo: aipanikize n'kukhomera matabwa pa mitanda, kapena aichotse?

Mayi, zonse ziwirizo ayi. Matabwawo muwakweze pamwamba pa insulation.

Ku Britain amalimbikitsa kuti insulation yonga ubweya ija ikhale yochindikala mamilimita 270, pomwe mitanda ya siling'i nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 100 kapena kucheperapo. Chimene chimasunga kutentha ndi mpweya wokodwa mu ubweyawo. Mukaufinya kuchoka pa 270 kufika pa 100, mpweyawo wathawa, ndipo mudzaonera pa bilu ya gasi mu Januwale. Komanso nthunzi yochokera kukhitchini ndi kubafa imakwera, ikagunda thabwa lozizira imasanduka madontho. Thabwa likagona pa ubweya popanda mpata, limanyowa kunsi, kenako chuku.

Musanagule kanthu, kwerani ndi tochi ndi tepi. Yezani kuchokera pakati pa mtanda wina kufika pakati pa unzake: mupeza mamilimita 400 kapena 600. Nyumba ya zaka zimenezo kawirikawiri imakhala ndi ma truss, matabwa opyapyala olumikizidwa ngati W, otalikirana 600. Musadulepo ngakhale limodzi kuti mupeze njira, chifukwa lililonse likugwira denga. Ndipo ma truss amenewa anawawerengera katundu wa makilogalamu 25 okha pa sikweya mita, kuonjezera pa kulemera kwa munthu mmodzi woyendamo. Matabwa oyalawo paokha amalemera pafupifupi makilogalamu 12 pa sikweya mita. Ndiye zovala, mabulangete, masutikesi opanda kanthu, zokongoletsa za Khirisimasi, palibe vuto. Koma migolo yodzaza mapoto ndi mabuku, kapena makina osokera achitsulo, zimenezo zikhale pansi. Cholemerapo pang'ono chiikeni pamwamba pa khoma la m'kati, osati pakatikati pa chipinda.

Ku B&Q, Wickes ndi masitolo ena otere amagulitsa matabwa a chipboard opangidwira ntchitoyi: mamilimita 1220 m'litali, 320 m'lifupi, kuchindikala 18, atatu m'paketi, yomwe imapitirira pang'ono sikweya mita imodzi. Ndi ang'ono dala kuti alowe pa kakhomo ka siling'i, ndipo m'mbali mwake amalowana. Mugulenso miyendo yapulasitiki yotchedwa loft legs, ya mamilimita 175. Pa mtanda wa 100, mwendo wotero umafikitsa thabwa pa 275, kungopitirira ubweya pang'ono. Ngati ubweya wanu ndi wochuluka kapena mitanda ndi yaifupi, tengani miyendo yaitali ya 300 kuti mphepo izidutsa bwino pansi. Pa mitanda ya 600 werengerani miyendo 6 pa sikweya mita, pa ya 400 miyendo 8, muonjezere ina ya m'mphepete. Ma screw a 4 x 30 ndi omangira miyendo, a 4 x 40 ndi a matabwa. Misomali iiwaleni: hamala imang'amba pulasitala wa siling'i, mudzangoona ming'alu kuchipinda chogona.

Tsiku la ntchito valani masiki yoteteza ku fumbi ya FFP3, magalasi, magolovesi ndi malaya a manja aatali, pakuti ubweyawo umayabwa koopsa. Kwerani ndi thabwa limodzi lolimba, muligoneke modutsa mitanda itatu, muzigwada pamenepo. Siling'i ndi plasterboard, bolodi ya pulasitala ya mamilimita 12.5 kapena yopyapyala kuposa apo. Phazi likaphonya mtanda, mwendo wonse utulukira kuchipinda.

Yambirani pa kakhomo. Pindani ubweya wapamwamba kuti mitanda ioneke, mangani miyendo m'mizere motsatira mtanda uliwonse, motalikirana mamilimita 320, kuti polumikizana matabwa awiri pazigwera pakati pa mwendo. Bwezerani ubweya, mukumaucheka pang'ono ndi mpeni pamene pali mwendo. Matabwa agone mopingasa mitanda. Nsonga iliyonse ithere pa mwendo. Ngati ikulendewera, ichekeni, apo ayi idzathyoka tsiku loyamba kupondapo. Mzere wachiwiri muuyambe ndi theka la thabwa kuti polumikiza pazisemphana, monga amachitira omanga njerwa. Guluu musaike, tsiku lina pulambala adzafuna kutsegula.

Pa mawaya amagetsi m'pamene ambiri amalakwitsa. Waya usapanikizike pakati pa mwendo ndi mtanda, ndipo musaseme mtanda kuti waya adutse. Waya wonenepa wa shawa yamagetsi amatentha akafundidwa ubweya, choncho akhale pamwamba pake. Mababu olowa m'siling'i amafuna zivindikiro zake. Lembani ndi cholembera pa thabwa pamene pansi padutsa waya kapena paipi, kuti screw isadzaboole. Pansi pa thanki ya madzi musaikepo insulation, kutentha kochokera m'nyumba ndi kumene kumateteza madziwo kuti asaundane. Kumapeto kumene denga limakumana ndi khoma kusiyeni poyera, ndiko kolowera mphepo, ndipo kuyala mpaka kumeneko n'kutaya ndalama, munthu sangafikeko. Sikweya mita 8 kapena 10 kuzungulira kakhomo zimakwanira banja.

Nyumba yanu ndi ya chaka cha 2000 chisanafike, ndiye mukaona thanki yakale yonga ya simenti kapena timiyala tonyezimira tothiridwa pakati pa mitanda, musakhudze, mukhoza kukhala asbestos, amene fumbi lake limaononga mapapo, itanani oyeza. Mukapeza mileme, imani kaye, malamulo akuno amaiteteza. Ndipo poti tikudziwana, alendo akabwera kuchokera kumudzi musawayalire matiresi m'menemo. Chipinda chogona cha mu loft chimafuna mitanda yatsopano, masitepe, chitetezo cha moto ndi chilolezo cha building control, oyang'anira malamulo a zomangamanga.