CD ya Monkey Island ikukana pa laputopu yatsopano: chochita ndi ichi

Aphunzitsi ena a ku Bembeke andilembera imelo. Akuti malume awo anabwera ndi CD ya The Secret of Monkey Island kuchokera ku Johannesburg kalekale, ndipo iwo ali mnyamata ankaisewera mpaka usiku. Pano agula laputopu ya kaunjika ya Windows 10, koma akalowetsa CD ija gemu sikutseguka. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi yafa ndi CD kapena laputopu? Ndikufuna ana anga aione gemu imeneyi."

Aphunzitsi, musataye chilichonse. Gemuyi inatuluka mu 1990 ndipo inalembedwa kuti iziyenda pa DOS, pulogalamu yakale yoyendetsera makompyuta. Windows ya 64-bit, imene ili m'malaputopu ambiri masiku ano, siitha kuyendetsa mapulogalamu a DOS payokha. Vuto ndi lomwelo basi.

Mankhwala ake ndi pulogalamu yaulere yotchedwa ScummVM, imene Ludvig Strigeus ndi Vincent Hamm anaiyamba mu 2001. Magemu a kampani ya Lucasfilm a nthawi imeneyo, kuphatikizapo yanuyi, ankayendera pulogalamu (injini) yotchedwa SCUMM, yomwe inayamba ndi gemu ya Maniac Mansion mu 1987. ScummVM imalowa m'malo mwa injiniyo, n'kumawerenga zithunzi, mawu ndi nkhani kuchokera m'mafayilo a gemu yanu. Payokha ilibe gemu, mafayilo mubweretse ndinu. Choncho koperani zonse za pa CD muziike mu foda imodzi, tsegulani ScummVM, dinani "Add Game", lozani foda ija, kenako "Start". Ilikonso pulogalamu ina yotchedwa DOSBox, imagwira ntchito, koma imafuna kulemba malamulo pamanja, ndiye kwa inu sindikuona chifukwa chovutikira nayo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakhumudwitsa anthu. Choyamba ndi nyimbo. Pa CD ya gemuyi nyimbo zinajambulidwa ngati za CD ya wailesi, moti mukangokopera mafayilo okha gemu iyenda koma yopanda nyimbo. Muyenera kuzisandutsa MP3 n'kuziika mu foda yomweyo, ndipo tsamba la ScummVM likufotokoza mayina oyenera kuzipatsa. Musadumphe zimenezi, nyimbo yoyambirira ija ndi theka la kukoma kwake. Chachiwiri ndi chithunzi. Chinajambulidwa pa madontho 320 kwa 200, cha sikirini zakale zija za chimsana, kotero pa laputopu anthu amaoneka ofupika ndi onenepa. Chongani "Aspect ratio correction" ndipo abwerera mwakale. Alt ndi Enter zimadzaza sikirini yonse, F5 ndiye yosevera. Muziseva pafupipafupi, poti batire la laputopu ya kaunjika silidikira magetsi akazima.

CD ikapezeka kuti yakalika kwambiri, Monkey Island ya 2009 yokonzedwanso imagulitsidwa m'masitolo a pa intaneti a GOG ndi Steam, kungoti pafunika khadi yogulira pa intaneti. Masamba ogawa magemu akuba muwapewe, mungatengeko vairasi. Aulere ovomerezeka alipo pa tsamba la ScummVM lomwelo: Lure of the Temptress, Flight of the Amazon Queen, ndi Beneath a Steel Sky ya 1994 imene eni ake a Revolution Software anaimasula mu 2003. Ndi aang'ono kwambiri, sadya bandulo, ndipo mukatsitsa kamodzi simufunanso netiweki. Pa foni ya Android amayendanso.

Koma chimene chandigwira mtima mu imelo yanu ndi nkhani ya ana. Konzekani, tsiku loyamba akhoza kudandaula. Azolowera magemu othamanga, pamene kuno Guybrush Threepwood, mnyamata amene wosewera amamuyendetsa, amangoyenda pang'onopang'ono pa chilumba cha Mêlée, kutola zinthu ndi kucheza ndi anthu. Pansi pa sikirini pali mawu monga "Pick up", "Use", "Talk to", ndipo gemu yonse ndi kuganiza kuti chinthu ichi chigwire ntchito pati. Mwana atola nkhuku ya labala yokhala ndi kagudumu pakati, aseka, aiiwala m'thumba. Patapita nthawi afika pa chingwe chowolokera ku kachilumba kena, aima, ayesa izi ndi izo, kenako nkhope ija iwala. Zili ngati ndagi: kukoma kwake kuli pa kuvutika nayo, ndipo wokuuza yankho msanga wakulanda. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musawatsegulire mayankho a pa intaneti, ngakhale inuyo mukukumbuka njira musaulule. Mmodzi agwire mausi, enawo azitsutsana pambali, ndi kuzizira kwa Dedza mu June onse atafunda bulangete limodzi.

Inu monga mphunzitsi muonanso phindu lina. Monkey Island yoyambayo ilibe mawu olankhula, zonse ndi zowerenga. Ngakhale nkhondo ya malupanga amaipambana ndi pakamwa: mdani akanyoza, iwe usankhe yankho logwirizana ndi chinyozocho. Mwana wosamvetsa chiganizo sangapambane, choncho amawerenga Chingerezi mofunitsitsa popanda womukakamiza. Komanso mu gemuyi kufa n'kovuta kwambiri, mwana amayesa chilichonse mopanda mantha. Magemu a kampani ya Sierra monga King's Quest ndi osiyana, kuponda polakwika pang'ono wafa, ndiye amenewo adikire kaye.

Akamaliza, apatseni Monkey Island 2 ya 1991, kenako Day of the Tentacle ya 1993. Onsewa ScummVM yomweyo imawayendetsa, mungowonjezera foda.