Tifunseni: Pachiwaya ndi M'misika ya Lilongwe

*Ndangoyamba ntchito ku Old Town ndipo masana ndimadya pachiwaya. Mwezi uno ndatsekula m'mimba kawiri. Ndisiye tchipisi? — Mnyamata wa ku Kawale*

Achimwene, tchipisi mukungochinamizira. Chinthu chomwe chatuluka m'mafuta owira n'kulunjika m'mbale mwanu sichidwalitsa kawirikawiri, chifukwa mafuta okazingira amatentha kufika madigiri 170 kapena 180, ndipo tizilombo totsekula m'mimba sitipirira moto wotere. Mlandu umakhala ndi zinthu zitatu: saladi, madzi, ndi nyama yogona m'mbali mwa chiwaya.

Saladi ndiye woyamba kumukayikira. Kabichi ndi tomato amadulidwa m'mawa, nthawi zina ndi mpeni womwe wadula nyama yaiwisi, n'kukhala m'beseni mpaka 2 koloko, ntchentche zikuchitapo msonkhano. Ngati sanavindikire, kapena tomato wayamba kutuluka madzi, saladiyo isiyeni, pa tchipisi ikanipo mchere ndi kambuzi basi. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, saladi ya m'misewu ingoisiyani. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri.

Tsono chiyang'anitsitseni chiwayacho. Pakati pali dzenje la mafuta, m'mbali ndi mopapatiza momwe amaunjikamo zokazinga kale. M'mbalimo simotentha komanso simozizira, ndi mofunda chabe, ndipo kufunda kotereku ndi komwe tizilombo timaswana msanga. Nthuli yomwe yakhala pamenepo kuposa maola awiri musaitole ndi kamtengo n'kuponya m'kamwa. Nenani kuti, "Aise, tabwezera m'mafuta kaye," iwire mphindi ziwiri kapena zitatu. Wachiwaya wodziwa ntchito yake sakwiya nazo zimenezi.

Ya nkhumba imafuna maso awiri. Yang'anani yaiwisi yomwe yapachikidwa: mukaona timatuza toyera ngati njere za mpunga m'kati mwa mnofu, amenewo ndi masese, ndipo amabweretsa nyongolotsi za m'mimba. Chokanipo. Yokazinga aidule pakati muone; ikakhala yofiirira m'kati, sinapse. Zam'kati za mbuzi zimaonongeka msanga kuposa mnofu, choncho ndi zodya masana, osati madzulo.

Mafuta akuda bii, ochita thovu kapena ofuka utsi tchipisi chisanalowe ndi otopa. Sakutsekulani m'mimba lero lomwe, koma ndi omwe amawawitsa tchipisi n'kukusiyani ndi chilungulira. Pitani pakati pa 12 ndi 1 koloko, pomwe pali mzere wa amakanika ndi akabaza, chifukwa pamenepo chakudya sichigona. Posamba m'manja akuthirireni madzi, osapisa m'beseni momwe apisamo anthu khumi. Ndipo ngati m'mimba mwatsekula ngati madzi ampunga, imwani thanzi ORS muli pa ulendo wa ku chipatala, osadikira kuti kuche.

*Alamu anga akubwera kuchokera ku Johannesburg ndi ana omwe sanaonepo Malawi. Akufuna misika yeniyeni, osati mashopu agalasi. Tili ndi m'mawa umodzi wokha. Tiyambire pati? — Mayi wa ku Area 49*

Amayi, City Centre isiyeni. Imeneyo inamangidwa boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, zomwe zinachitika mu 1975, ndipo ndi ya maofesi. Lilongwe wamalonda ali ku Old Town, m'mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Lilongwe.

Fikani 7 koloko, pakati pa sabata ngati n'kotheka. Yambirani kumsika waukulu pafupi ndi depoti ya mabasi, cha ku Malangalanga. Kumeneko anawo akaone milu ya usipa ndi utaka, nyemba zamitundumitundu, malichero, mithiko, zipande, ndi amisiri okhoma mbaula ndi ndowa ndi manja. Mukatuluka lowani m'mashopu a amwenye ku Area 2 mukagule zitenje ndi zokometsera ndiwo. Chitenje chimodzi ndi mamita awiri. Wofuna kusoketsa diresi ndi duku lake agule nsalu yathunthu ya mayadi 6. Poyesa, tembenuzani nsaluyo: yabwino maluwa ake amaoneka mofanana mbali zonse, yotchipa kuseri kumakhala kotuwa ndipo imalimba ndi sitalichi yemwe amatha tsiku loyamba kuchapa. Kumbukirani kuti Lachisanu masana mashopu ambiri a Asilamu amatseka kaye kupita ku mzikiti, ndipo Loweruka masana ambiri amatsekeratu.

Kenako tsikirani kumtsinje. Msika wa Lizulu, womwe unatenga dzina la Lizulu wa ku Ntcheu, ndi wa masamba, mbatatesi, anyezi ndi zipatso. Kutsidya kwake kuli Tsoka, kwa kaunjika. Pakati pake pali timilatho tamitengo tomwe anthu anakhoma okha, ndipo amalipiritsa kangachepe powoloka, choncho sungani ndalama zing'onozing'ono. Ana amakondwa nato, koma mtsinje ukadzadza zungulirani pa mlatho waukulu. Malizirani pa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi. Apo mtengo woyamba ndi moni chabe. Alendo akhale chete, muzinenerera ndinu. Chilichonse chomwe akuti ndi cha mnyanga wa njovu musachikhudze n'komwe, ndi mlandu wa kundende.

Foni m'thumba lakutsogolo, chikwama pamimba. Asanajambule munthu apemphe kaye. Amayi ogulitsa ambiri sakondwa kujambulidwa ngati mbuzi ya pamsika.

*Ndinagula mpunga womwe amati ndi Kilombero, koma nditaphika sunanunkhire. Usipanso unali wamchenga. Ndimalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Chinsapo*

Munagula ndi makutu. Kilombero weniweni, yemwe kwawo ndi ku Karonga, ndi wa njere zazitali ndipo amanunkhira asanaphikidwe. Tapani pang'ono, pukusani m'manja, uzirani mpweya wofunda, nunkhizani. Ochenjera amaika wabwino pamwamba pa thumba, wosakaniza pansi, ndiye pisani dzanja mpaka m'kati. Mukaona njere zazitali ndi zazifupi zonenepa pamodzi, asakaniza. Fungo limathanso mpunga ukakhalitsa, n'chifukwa chake wabwino kwambiri mumaupeza miyezi yotsatira kukolola, cha mu Juni mpaka Ogasiti. Mukagula wambiri, yambani mwagula kilogalamu imodzi mukaphike.

Usipa wamchenga ndi woyanikidwa pansi m'malo mwa pathandala. Gwedezani mulu m'dzanja muone zomwe zitsale. Wofutsa, yemwe amayamba waviikidwa m'madzi owira asanayanikidwe, sawawa kwambiri ngati wongoyanika padzuwa, koma amafufutika msanga. Pansi pa mulu pakakhala ufa wambiri kapena tizilombo, ndi wakale. Kunyumba dulani mitu, muviike m'madzi ofunda mphindi khumi, mutsuke kawiri.

Muyang'anenso muyezo. Chigoba chophwanyika pansi kapena mbale yobenthuka imadya gawo lanu mwakachetechete. Funsani mtengo pa mabenchi atatu musanatulutse ndalama, ndipo pa tomato ndi masamba kupempha banyira kumaphula kanthu kuposa kulimbana ndi mtengo wa mulu. Mtedza wokwinyika, wothimbirira kapena wonunkha chinyezi musatenge ngakhale utchipe: chuku chake chimaononga chiwindi, ndipo kukazinga sikuchichotsa.

*Zigege zanga zimavula malaya m'mafuta n'kumwa mafuta ambiri. Za m'tauni sizitero. — Mtsikana wa ku Area 25*

Achemwali, vuto ndi madzi ndi moto. Zigege ndi pachibale ndi bhajia wa amwenye, yemwe amapangidwa ndi ufa wa tchana, ndipo mukasakaniza ufa umenewu theka ndi theka ndi wa tirigu, chikhokho chimagwira bwino n'kukhala chokhukhuluza. Umapezeka m'mashopu a zokometsera ku Area 2.

Pa mbatatesi zinayi zapakatikati: kapu imodzi ya ufa, theka la supuni yaing'ono ya mchere, theka la supuni yaing'ono ya curry, ndi madzi osakwana kapu, othira pang'onopang'ono mpaka phala ligwire kumbuyo kwa supuni. Dulani mbatatesi mopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi. Zokhuthala zimapserera kunja m'kati muli gwa. Mukatsuka pukutani ndi nsalu youma, chifukwa phala silimata pa mbatatesi yonyowa, ndipo nthunzi yake ndi yomwe imakankha chikhokho. Musanayambe donthezani kaphala m'mafuta: kakamira n'kukhala pansi, sanatenthe, kakabwera pamwamba nthawi yomweyo kakuchita thovu, ponyani. Osadzaza poto, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa ulendo, mphindi ziwiri mbali iliyonse. Mukachotsa ikani pa sefa, osati m'poto wovindikira, apo ayi thukuta lake lizifewetsa musanafike nazo pa tebulo.